Thunthu la Nthochi Patebulo la Madamu

Ndikukumbukira fungo la kalasi yathu ya Fomu 2 chaka chimene madzi a Shire anasesa theka la mudzi wathu, kwa Malemia. Sukulu inali itangotsegulidwa kumene. M'makalasimo munali mutakhala anthu othawa madzi, ndiye munkanunkha utsi, matope ndi mikodzo ya ana. Madesiki ambiri anathera pamoto. Tinkakhala pansi, thukuta lili kamukamu, malata akuthetheka ndi dzuwa pamwamba pathu.

Masiku omwewo kunabwera mphunzitsi watsopano, Madamu Kamwendo, ochokera kumapiri a ku Dedza. Anali achitsikana, oyenda mwandawala, ndipo kutentha kwa kwathu kuno kunkawazunza mpaka tinkawamvera chisoni. Ankayenda ndi kathawulo paphewa ngati kondakitala wa minibasi. Analengeza kuti masana tikaweruka aziphunzitsa luso lolemba nkhani kwa aliyense wofuna.

Ine zolembalembazo sizinkandipatsa chidwi. Nkhawa yanga inali pa Joana, mnzanga wa ponda apa nane m'pondepo. Mayi ake anapita ndi madzi limodzi ndi denga limene anakwerapo, ndipo thupi lawo silinapezeke. Kuchokera apo Joana sanapondenso kusukulu. Azakhali ake anali atayamba kale kukambirana ndi bambo wina wogula nsomba ku Bangula kuti amukwatire. Komatu mtsikanayu ankalemba! Chimangirizo chake aphunzitsi ankakachiwerenga mpaka ku Fomu 4, anyamata a ndevu n'kumachita manyazi. Ndinaona kuti phunziro latsopanoli ndilo lingamukoke. Ndinapita kwawo, n'kugwada pamaso pa bambo ake.

"Apite akaone," anatero bambowo. "Mtima ukakamulola, apitirize. Zikakanika, azakhali akewa anena kale."

Tsiku loyambalo tinakhala kumbuyo, ine ndi Joana, titatsamira khoma lomwe linali lidakali ndi mzere wa matope. Yunifolomu yake inapita ndi madzi, choncho anavala diresi la kutchalitchi la azakhali akewo, lomukulira m'mapewa. Madamu analowa akumwetulira, atanyamula chinthu chachitali chokulungidwa m'chitenje. Anachigoneka patebulo bwinobwino.

"Wolemba weniweni salemba ndi maso okha," anatero. "Aliyense abwere, apise dzanja m'nsalumu, akhudze, anunkhize, kenako akalembe zimene wamva. Osasuzumira!"

Nzeruyo inali yabwino, sindikana. Kwina kulikonse ana akanakanganirana kukhala oyamba. Koma ife tinachizindikira chisanafike n'komwe patebulo, chifukwa madzi ake anali atanyowetsa chitenjecho ndipo fungo lake linali litatipeza kale. Linali thunthu la nthochi. Kwathu kuno munthu akapita ndi madzi kapena ng'ona, thupi osaoneka, maliro sitiwasiya m'malere. Akuluakulu amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu ya malemuyo, n'kukaliika m'manda ngati munthu. Chaka chimenecho tinali titaperekeza mathunthu ambiri. Madamu zimenezi sankazidziwa. Anangolitola kuseri kwa nyumba yawo, poona kuti n'lozizira, loterera, loti lingatipatse mawu ambiri.

M'kalasi munangoti zii. Ngakhale anyamata olongolola aja anazolika.

"Kodi ana a kuchigwa manyazi ake ndi otere?" Madamu anaseka, maso akuyendayenda mpaka anagwera pa nkhope yachilendo. "Iwe wa diresi la maluwa, dzina ndani? Joana? Bwera utiyambire."

Ndinadzuka msangamsanga. "Madamu, ndiyambe ndine."

"Khala pansi, Tereza, nthawi yako ifika."

Joana anaimirira, n'kuyenda pakati pathu pang'onopang'ono. Anapisa dzanja m'nsalumo ndipo sanalitulutse. Anangoima. Patapita nthawi anaona kuti mbali ina chitenje chamasuka, ndiye anachikoka, n'kuchipinda mosamala monga amachitira amayi achikulire m'nyumba ya siwa.

"Madamu," anatero motsitsa mawu, "sitiwagoneka pamwamba chonchi. Pamafunika mphasa."

Mtsikana wina kutsogolo, amene anataya mlongo wake, anayamba kusisima. Wina anamulandira. Posakhalitsa kalasi yonse inasanduka maliro enieni, kulira kokweza kuja kotchula mayina. Madamu anasokonezeka, n'kukoka chitenje kuti tione kuti ndi nthochi chabe. Thunthulo linagubuduzika n'kugwa pasimenti kuti phi! Phokoso limenelo mpaka lero ndimalimvabe.

Ahedi anabwera akuthamanga, n'kuwanong'oneza Madamu pakhomo. Ndinawaona Madamuwo akugwira pakamwa. Koma Joana anali atatuluka kale. Ndinamupeza pamjigo, akutsuka dzanja lija mobwerezabwereza.

"Tiye tibwerere, atipepesa," ndinamuchonderera.

"Nkhabe, Tereza. Ayi. Ndisiye."

Madamu anapita kwawo kwa Joana kukapepesa, osati kamodzi. Bambo ake ankawalandira mwaulemu, n'kuwauza kuti mlendo salakwa. Joana ankawagwadira, kuwapatsa moni, basi. Ankati akangoganiza za chitseko cha kalasi ija, dzanja limayamba kuzizira. Nyengo yachisanu isanafike, anamuperekeza ku Bangula. Ndinakwiya kwa zaka zambiri, koma ndinkasowa woti ndimukwiyire.

Lero zinthu zinasintha. Mudzi wathu unasamukira kumtunda, sukulu ndi ya njerwa zootcha, ndipo madzi akamabwera uthenga umafika pafoni asanatipeze. Madamu Kamwendo anakhala nafe zaka zambiri, anaphunzira Chisena, ndipo mphunzitsi aliyense wachilendo ankayamba wakhala nawo pansi asanagwire choko. Ine amene ndinalibe nazo ntchito ndi amene ndinatsala m'phunziro lija, ndipo lero ndikudyera momwemo.

Joana ndimamupeza pamsika wa Bangula, akugulitsa milamba yowamba. Ulendo wina akundikulungira nsomba anandifunsa ngati n'zoona kuti ndimalemba nkhani. Ndinavomera.

"Madamu aja sananame," anatero. "Dzanja lili m'nsalu muja, nkhani yonse inandibwerera, kuyambira poyamba mpaka pothera."

Ndinamufunsa kuti inali yotani. Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu, kenako anatembenukira kwa mayi wina amene ankafunsa mtengo.