Ng'anjo ya a Chirambo

A Amock Chirambo sanasungunulepo chitsulo moyo wawo wonse. Ntchitoyo inapita ndi agogo awo makasu a m'sitolo atafika. Chimene chinatsala ndi ng'anjo yadothi, yotalika ngati munthu, ili njo m'thengo kumtunda kwa Thazima. Chaka chilichonse mvula isanagwe, a Chirambo ankaimata ndi dothi la pachulu n'kuifolera kadenga ka udzu. Akazi awo, Nyagondwe, ankadandaula kuti ng'anjo ikufoleredwa nyumba yogona anthu ikudontha. A Chirambo ankangopitiriza kufolera ng'anjo yawo. Anali ouma mutu bambo amenewa, tisabise.

Mu 1977 a esiteti ya fodya anayamba kugwetsa mitengo chakumunsi, nkhwangwa zikuyandikira tsiku ndi tsiku. Ndiye kutabwera anthu a boma oyeza malo, a Chirambo anati Mulungu wayankha. Anawaphera tambala, n'kuwatsogolera okha ku ng'anjo, kumene mlendo sankapondako chikhalire. Anawapempha kuti ailembe pamapu, a fodya asadzaikhudze. Oyezawo anazizwa, anajambula zithunzi, nati chinthu chotere ndi chuma cha dziko lonse. A Chirambo anangothokoza kuti yewo chomene, mtima uli mbee.

Chaka chotsatira malire a paki ya boma yosungira nyama zakutchire anadulidwadi. Ng'anjo inalowa m'kati mwa paki, koma inalowa pamodzi ndi minda, manda ndi mudzi wonse. Abale inu, anthu anakwera lole kukamwa kuli yasa, nkhuku zili m'manja. Masiku amenewo wofunsa mafunso sankagona kwawo, choncho palibe anafunsa. Kumalo atsopano, chaku Katowo, ena anasiya kupereka moni kwa a Chirambo. Ankati ndiwo anaonetsa alendo njira.

A Chirambo ankadzitonthoza kuti bola ng'anjo yapulumuka. Mitambo itayamba kuda mu Novembala, anasenza mtolo wa udzu mpaka pageti la Thazima. Mlonda wa paki, bambo waulemu wake wochokera ku Dedza, anawamvetsera mpaka kumapeto.

"Pepani bambo, chinthu chimenecho n'chotetezedwa tsopano. Palibe wololedwa kuchikhudza."

"Nanga afolera ndani?"

Mlondayo anatsegula buku lake la malamulo, koma za kufolera munalibemo.

Dzinja linadutsa katatu. Abusa a ku mpingo wawo ndiwo anawalembera kalata yopempha kuti akaone ng'anjo ngati mlendo, ndipo analoledwa, mlonda yemwe uja akuwaperekeza. Anapeza chikwangwani chachitsulo, chopakidwa penti bwinobwino, choletsa munthu aliyense kuwononga malowo. Kuseri kwake kunali mulu wa dothi lofiira, udzu utamerapo kale.

A Chirambo anayandikira muluwo. Sanakhulupirire kuti mvula wamba yachita zimene nkhwangwa za a fodya zinalephera. Anagwada n'kutola kachibenthu kamodzi, kakuda ndi moto wa agogo awo, kuti akaonetse Nyagondwe.

Mlonda anatsokomola, maso ali pansi.

"Bambo, ndi kameneko komwe n'koletsedwa."

A Chirambo anakabwezera pamulu ndi manja awiri.