Mtengo wa mango wa a Langton

A Langton ndi asuweni anga, choncho ndili ndi ufulu wowanena. Tonse tinathawa sukulu tili Sitandade 4, ine chifukwa cha masamu, iwo chifukwa chongonditsatira. Chodabwitsa n'chakuti wothawa sukuluyu anakamanga nyumba kuseri kwa sukulu yomweyo, kwa Kanduku, ndipo belu lakhala likuwadzutsa zaka makumi atatu.

M'malire mwa munda wawo ndi bwalo la sukulu munali mtengo waukulu wa mango. Anaudzala ndi malemu akazi awo, a Deliwe, chaka chomwe analowa m'banja, ndipo ankagulitsira zitumbuwa pansi pake ana akatuluka kukapuma. Chimwalirireni mayiwo, asuweni ankasesa pansi pa mtengowo m'mawa uliwonse, munthu woti m'nyumba mwake tsache silidziwa njira.

Chaka chatha kunabwera amisiri odzaika intaneti. Anakhoma mbale yoyera padenga, n'kuilozetsa kunsanja ya paphiri, koma makompyuta anangoti zii. Akuti mbaleyo iyenera kuonana ndi nsanja popanda chotchinga, ndipo chotchingacho chinali mango a a Deliwe. Mzati wautali analibe. Anati zikakanika sabata imeneyo, zipangizo zipita kusukulu ina.

Ahedi, mayi Anne, anakagwada kwa asuweni kuti alole mtengowo udulidwe. Iwo anangoyang'ana pansi. Ine ndinapitako mawa lake kukawauza kuti a Deliwe sanali nyani woti n'kumakhala mumtengo. Sanaseke. Kenaka anati, “Asuweni, ana amenewa Deliwe ankawapatsa zitumbuwa zaulere ine ndikukalipa. Ndiye lero ndiwamane ine?”

Asuweni anakana makina odulira a amisiri aja. Anatenga nkhwangwa yawo n'kudula okha, masiku awiri, osalola aliyense kugwirako. Ndinawalangiza zowotcha makala, anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Thunthulo analichekesa matabwa, n'kukhomamo mabenchi anayi okhalira ana m'chipinda cha makompyuta. Opendekeka onse, koma salephera kunyamula mwana.

Patatha mwezi, ahedi anatiitana kuti tikaone chomwe mtengo unafera. Anatsegula pakompyuta mapu ojambulidwa kuchokera kumwamba, n'kumakuza mpaka tinaona denga la sukulu, kenaka munda wa asuweni. Chithunzicho chinali chakale. Mtengo unali pomwepo, wobiriwira, mthunzi wake utagona pakanjira.

Asuweni anaika chala pagalasi, osachotsa. “Uwunso adzaudula?” anafunsa.

Ahedi sanawanamize. Anati tsiku lina ojambulawo adzajambula chatsopano, koma liti, iwo sakudziwa.

Ndiye Lachisanu lililonse ana akaweruka, asuweni amavala malaya awo a kutchalitchi, n'kukakhala pabenchi yawo yopendekekayo kukaona ngati mtengo ulipobe. Mpaka pano ulipo. Ine ndimawaperekeza, poti nthawi ijayi pothawa sukulu anandiperekeza ndi iwo.