Dzina la Mkazi Wanga

Ndili m'munda mwanga, koma dothi lake ndi loyera ngati phulusa. Chilichonse chimene ndatchula chikubwera. Ndikuti "khasu," khasu likugwa patsogolo panga, koma si langa lija la mpini wokhota. Ndi khasu chabe, losagwiridwapo ndi munthu.

Kuseri kwa chulu, malemu mkazi wanga akutsokomola. Akuti, "Bambo a Dalitso, ndiitaneni ndituluke. Dzuwa likalowa ndibwerera."

Ndikufuula, "Mkazi wanga!" Akutuluka mayi wopanda nkhope, atasenza mtsuko.

"Naphiri!" Akutuluka a Naphiri onse a m'mudzi, amoyo ndi akufa, makasu ali paphewa. Iye palibe.

"Amake Dalitso!" Akubwera Dalitso yekha, ndevu zili pepepe, akukwawa ngati khanda.

M'mutu mwanga mkazi wangayo ndikumuona bwinobwino, chipsera cha moto pamkono, kayendedwe kake kopendekera. Koma dzina lake lakuubwana sindinalitchulepo chikwatirire, chifukwa mwamuna waulemu satero. Ndikutsegula pakamwa, pakutuluka mpweya wokha.

"Inunso bambo, mpaka lero?" akuseka, ndipo chifuwa chija chikumvekera kutali.

Ndadzuka. Dzinalo ndi Esinati. Ndalitchula kawiri, m'nyumba muli zii.