Kachipinda Kanga Kuseri kwa Ofesi

Uthenga unandipeza pa Kachulu, ndikutembenuza matemba pathandala. Mlamu wanga Abiti Saidi anafika ali wefuwefu. "Mlamu, siyani nsombazo. Ku Zomba akufuna wokolopa mu ofesi, ndipo pogona akupatsani." Ndinavina ine, ndinavina mamba ali m'manja. Ntchito yoyamba, imvi zili kale mbuu.

Ofesiyo inali nyumba yalendi, ine kachipinda kanga kuseri, kamalata, kamagetsi. M'mawa tsache, kenako chikolopa ndi ndowa, kenako polishi wofiira pakhonde, teni koloko tiyi. Makompyuta kupukuta ndi kansalu kouma, madzi ayi. Zaka zitatu ndinakhala choncho, nyumba yanga kumudzi osaifolera ngakhale kamodzi. Ndinkati ndine wa m'malata ine, udzu n'ngwachiyani.

Kenako kunabwera korona. Pakhomo tinaika ndowa yampopi ndi sopo, koma osamba m'manja ankachepa tsiku ndi tsiku. A mu ofesi ananyamula makompyuta, aliyense ulendo kwawo. Ine ndinkakolopabe, kukolopa posapondedwa, kuwiritsa tiyi wopanda womumwa.

Lachisanu lina lole inaima pageti, madesiki n'kuyamba kutuluka. Abwana aakazi anandilankhula ataima patali, masiki kukamwa.

"Agogo, ntchito tizigwirira kunyumba. Nyumba ino tabweza kwa mwini wake."

"Nanga ine ndizikolopa kunyumba kwa yani?"

Anayang'ana pansi. Mwini nyumba anali atafika kale ndi mmisiri woti adule maofesi akhale zipinda za alendi. Changa anati chikhala bafa. Makiyi ndinapereka dzuwa lisanapendeke.

Kumudzi ndinapeza denga litagwera m'kati, chiswe chitadya mitengo, mbuzi zikugona pomwe ndinkayala mphasa. Abiti Saidi ndinapeza ataikidwa kale, matenda omwewo. Dzinja lonse ndinagona m'khitchini mwa eni, utsi m'maso, chifuwa osatha.

Ndinaphunzira mochedwa kuti chipinda cha pantchito n'cha ntchito, ikamapita chimapita nayo. Tsopano chaka ndi chaka udzu ndimweta, chaka ndi chaka ndifolera.

Njerwa ndinaumba ndi manja awa, msana uli lirelire. Tsiku lomwe ndinasonkha moto m'nyumba yangayanga ndinaimba mpaka mawu kusasa, ee, mpaka kusasa. Anabwera Che Mussa amene anafolera, anabwera Abiti Wilesi amene anazira pansi, Mayi Namaona ndi mpunga wa ku Likangala, Che Bwanali ochokera ku Chisi pabwato, anzanga Esinati, Asiyatu, Patuma, ndi Mariamu mdzukulu wanga ali kumsana kwa amake.