Misere ya Chibwantu m'Paipi ya Pakhosi

Ntchitoyi anandipezera ndi mkulu wina wa kumpingo kwathu, patapita miyezi yochepa nditaika maliro a mkazi wanga. Anati pa chipatala china m'Kafue muno akufuna munthu wophunzira zothandiza odwala kulankhula ndi kumeza. Sindinafunse zambiri. Ndinkangofuna kochokera m'nyumba m'mawa.

Odwala anga anali aja oboola pakhosi n'kuikapo paipi yopumira, imene madokotala amati trakiyositomi. Paipiyo ili ndi kabaluni mkati, kamene timakapopa kapena kukaphwetsa ndi sirinji. Tili ndi makina okokera makhololo, kachipangizo ka pachala koyezera mpweya m'magazi, ndi kavalavu kovundikira paipi kuti mpweya ukwere kukamwa munthu alankhule. Sisita Banda, namwino wamkulu amene ankandiyang'anira, anandiuza tsiku loyamba kuti, "Kabaluni uyambe waphwetsa, ndiye uike valavu. Ukaiwala, wamutseka mpweya."

Wodwala amene sindimuiwala ndi a Mweemba, msodzi wa ku Chanyanya, amene anavulala pakhosi pa ngozi ya minibasi. Chakudya chawo chinkadutsa m'kapaipi ka m'mphuno, ndipo pakamwa tinaletsa ngakhale madzi. Komabe thupi linayamba kutentha, mpweya n'kumatsika. M'mawa wina ndikukoka makhololo ndinaona tinthu toyera m'botolo la makina. Inali misere ya chibwantu, chakumwa chija cha chimanga ndi mizu ya munkoyo. Wina ankawamwetsa mobisa, ndipo chakumwacho chinkatsikira m'mapapo.

Pambali pa bedi lawo pankakhala anthu awiri: akazi awo, mayi wachete, ndi achemwali awo aakulu a Mweembawo, ogulitsa nsomba pamsika. Ndinayamba kufunsa mkaziyo.

"Ine sininapaseko kanthu, ba dokota," anatero osandiyang'ana.

Achemwali aja anaseka. "Apo wakamba zoona. Mwamuna wake akuyonda, eve ali che phee na foni. Tifuna tidziwe chamene afuna."

Mawu otere ndinawamvapo pamaliro a mkazi wanga, akunenedwa za ine. Ndinangotsegula kabati ya pambali pa bedi. Munalibe botolo lililonse. Ndinakayikira onse awiri, ndinakayikiranso wodikirira wodwala wa bedi loyandikana. Kuwathamangitsa onse sikukanatheka, pakuti wodwala wotere sasiyidwa yekha, ndipo sipuni zina zochepa zikanatha kuwapha a Mweemba.

Masana ndinawaitana onse awiri kuti aimirire pafupi. Ndinakoka makhololo, n'kuphwetsa kabaluni pang'onopang'ono, diso lili pa kachipangizo ka pachala. Kenako ndinadontheza utoto wabuluu wa m'zakudya pa lilime la a Mweemba, ndi kuwauza kuti ameze malovu. Nditakokanso m'paipi ya pakhosi, zimene zinatuluka zinali zabuluu.

"Mwaona? Chamene chingena pakamwa chiyenda ku chifuwa, osati ku mimba," ndinatero.

Ndinaika valavu ija, ndi kuwapempha a Mweemba kuti atchule dzina lawo. Anatsokomola, misozi ili mbwee. Mawu anatuluka okwereketsa, oyamba chichitikire ngozi, koma silinali dzina.

"Ba sisi, lekani. Chinitsamwa."

Achemwali aja anakhala pansi pomwepo, chikwama chimene ankabisamo chibwantu ali nacho pamiyendo. "Nanga munthu angapole bwanji na mimba ilibe kanthu? Kwathu wodwala timamumwetsa. Mkazi wake uyu anakana, ndiye ninaona monga afuna mwamuna wake afe." Mkazi uja anangotenga kansalu n'kupukuta mwamuna wake pachibwano.

Dokotala anayamba kuwapatsa mankhwala a chibayo tsiku lomwelo. Achemwaliwo sindinawakalipire. Ndinawaonetsa phala lamadzi limene tinkathira m'kapaipi ka m'mphuno, ndipo kuyambira pamenepo iwo ndi amene ankagwira sirinji yake, Sisita Banda ali pambali. Patapita milungu, utoto unaleka kutulukira m'paipi, ndipo tinayamba ndi phala lolimba, nsonga ya sipuni basi. Sipuni yoyamba ndinapatsa mkazi wawo kuti awadyetse, alamu ake akuona.

Mpaka lero, wachibale akandiuza kuti wodwala sanalawe kanthu, ndimavomera ndi mutu kenako n'kukayang'ana m'botolo la makina. Ndipo sindiletsanso chakudya cha pakamwa ndisanapeze ntchito ina yopatsa manja a munthu amene wabwera ndi chikwama.