Achemwali Lines ndi galimoto imene ankati ndi chidakwa

Achemwali anga a Lines anaphunzira kuyendetsa galimoto amuna awo, a Duncan, adakali moyo, koma kungoti azitha basi. Alamuwo ndi amene ankanyamula anthu kuchoka pa Nsaru kupita ku Kabudula. Atamwalira chaka chatha, kagalimotoko kanatsala pakhomo, pamodzi ndi ana atatu.

Sipanathe mwezi, kunabwera achimwene awo a malemu, a Alick. Munthuyu amayankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. "Alamu, hoo, chinthuchi n'chidakwa cha mafuta. Mng'ono wanga chamuyamwa mpaka kumanda. Ndapeza kale wogula ku Msundwe, hoo, tigulitse."

Achemwali anangoti, "Ndipatseni mwezi umodzi, alamu. Ikandikanika, mutenge."

Ine ndimakazinga tchipisi pa siteji ya galimoto pa Nsaru pomwepo, ndiye zonse ndinkaziona. Tsiku loyamba anatsegula kubuti. Mayo ine! Munali matayala awiri akutha, masipuling'i adzimbiri, mwala wa padenga, ndi thumba la simenti louma gwa. Malemu sankataya kanthu. Zaka zonsezi galimoto inkanyamula anthu atatu osalipira. Zonse anazitsitsa. Kenako anapita kwa makaniko, amene anatulutsa kasefa ka mpweya n'kukagogoda pansi. Fumbi lake mukanadzalamo mtedza. Anaikamo katsopano, matayalanso n'kuwapopa, poti anali ofewa ngati nthochi zakupsa.

Koma chimene chinadabwitsa anthu n'china. Pa siteji pathu madalaivala amangoliza injini podikira anthu, vuuu vuuu, kusendera kutsogolo pang'ono, kubwereranso m'mbuyo, kuti wobwera aziganiza kuti ikunyamuka pompano. Ola lathunthu! Achemwali akafika amazimitsa, n'kukhala pa benchi langa kumasenda mbatatesi.

Kelvin, dalaivala wina wamatama, ankawaseka. "Mayi, yafa kodi? Tikukankheni?"

"Ikupuma, bambo. Yanuyo ikupita kuti, poti chiyambire m'mawa ikungolira pomwepo?"

Masiku oyamba anthu ankathamangiradi kwa Kelvin. Achemwali ankabwera ndi anthu awiri, atatu, nkhope ili gwa. Ine ndinkada nkhawa, chifukwa anawo sukulu yawo ili m'galimotomo. Koma amayi a kumsika anayamba kuzindikira kuti a Lines akanena kuti tinyamuka dzuwa likafika apo, amanyamukadi. Sathamanganso m'mabampu, ndiye mazira ndi tomato zimafika zamoyo.

Mwezi utatha, a Alick anabwera ndi chigubu cha malita asanu a petulo. "Hoo, ndithira ndekha, ndikweranso ndekha. Mafuta awa mng'ono wanga ankapita nawo n'kubwera kamodzi, basi."

Anakhala kutsogolo, maso pa kasingano ka mafuta. Achemwali akuti njira yonse a Alick ankangolamula. "Pondani moto, alamu! Njinga ikutipitirira iyo!"

"Ipite, alamu, ilibe thanki."

Anapita, anabwera. Anadzazanso anthu, anapita, anabwera. Ulendo wachiwiriwu a Alick anatsika fumbi lili m'nsidze, n'kuzungulira galimoto ngati akufuna pamene abisa chigubu china. Anasuzumira pansi. Ananunkhiza ngakhale pa thanki.

"Mwathira liti ena?"

"Munali nane nthawi yonseyi, eti?"

A Alick anakhala pa benchi langa, ine n'kuwaikira tchipisi kuti mtima utsike. Asanadye anatulutsa foni n'kuimbira wogula wa ku Msundwe uja, ife tonse tili tcheru, mpaka Kelvin anazimitsa injini kuti amve nawo.

"Halo, a McDonald? Hoo, za galimoto zija musavutike kubwera. Ayi, sinawonongeke. Ili ndi mwini wake."

Achemwali anangopukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuitana amayi awiri amene anali ndi madengu kuti akwere, dzuwa lisanapendeke.