Kathonje pa Mkono wa Woperekeza

Tsiku limenelo kunatentha kutentha kwa Okutobala, kopanda ndi kamphepo komwe. Nyenje zinkalira mumtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu ku Kabwata, ndipo kumsewu makondakitala ankakuwa kuitanira anthu opita m'tauni. Mlongo wanga wa ku Chelstone anatulukira m'mawa osatumiza mawu, n'kukhala pampando wa malemu mkazi wanga.

"Alongo, nkhope yanu sikundisangalatsa. Tiyeni mukapimitse magazi."

Ndinati ndili bwino. Koma mwana wanga wamkazi, amene ankakhala nane pamene mwamuna wake anali kuntchito ku migodi, anathirira ndemanga msanga: "Zoona Atate, mwaonda. Ndikuperekezani."

Ine jakisoni ndimamuopa kuposa njoka, ndipo onse awiri amadziwa. Komabe ndinaliza kagalimoto kanga kakale, tinapita ku kiliniki ina ku Woodlands. Ananditenga magazi nditatsinzina, ndikunena salimo chamumtima. Nditatuluka, mlongo wanga anati adokotala akufuna tibwerenso mkuja. Ndinachita mantha, pakuti matenda a mkazi wanga anayambanso ndi mawu akuti "mubwerenso".

Pobwerera, mwana wanga anakweza dzanja kuti amange lamba, ndipo ndinaona kathonje komata ndi pulasitala pamkono pake, pamalo omwe aja panali kanga. Wongoperekeza sabayidwa. Ndinakumbukira kuti chaka chapitacho mwana wangayu anapita padera, komanso kuti kwathu nkhani ya pakati bambo sauzidwa, imadzera kwa azakhali. Apa ndinazindikira kuti iwo ankangofuna galimoto ndi dalaivala wosafunsa mafunso.

Titafika kunyumba ndinatulutsa masuti anga onse atatu n'kuwayala pasofa.

"Awiriwa mudzapatse mkamwini. Yakudayi mudzandiveke ine ndikamwalira."

Mlongo wanga anatsamwa ndi tiyi.

"Ndipo mawa ndiitana akulu a mpingo adzandipempherere."

"Ayi, ayi, alongo! Akulu a mpingo a chiyani? Dikirani mkuja!"

Mwana wanga anathawira kukhitchini. Ine ndinalowa kuchipinda n'kugwada nthawi yaitali, koma sindinkadzipempherera ine.

Tsikulo litakwana ndinapereka mkono wachiwiri, n'kukawadikira m'galimoto. Dzuwa litapendeka anatuluka, mwana wanga atagwira kapepala pachifuwa, misozi ili mbwee, koma akuseka. Azakhali ake anali kuvina pakati pa magalimoto a eni ake, chitenje chikumasuka.

"Shuga wanga ndiye wakuvinitsani chonchi?" ndinafunsa.

Mlongo wanga anakhala pampando wakutsogolo n'kuulula, maso ali pansi. Anati pali kanthu kamene thupi la mayi limapanga pakati pakangoyamba, ndipo amakayeza m'magazi kawiri, motalikitsa masiku awiri. Kakachuluka pafupifupi kuwirikiza, ndiye kuti zikuyenda. Chaka chatha kanatsika. Lero kakwera.

"Nanga magazi anga?"

"Mulibe kalikonse, alongo. Inu mudzatiika tonsefe. Suti yakuda ija kaichapitseni, mudzavala pa ubatizo."

Mwana wanga anafunsa chapansipansi ali kumbuyo: "Atate, kodi munadziwa?"

Ndinati ine sindidziwa kanthu, bambo sauzidwa zimenezo, ndipo ndinaliza galimoto.

Mikono yonse iwiri inandiwawa mlungu wathunthu. Ndinawakhululukira.